Switch ndi ya gigabit, proxy ndinaika, koma intaneti ikukwawabe

Funso: Ndimayang'anira makompyuta pafupifupi 40 pa ofesi yathu. Switch ndi ya gigabit, ndipo intaneti timalipira ya 100 Mbps. Miyezi iwiri yapitayo ndinaika Squid, pulogalamu ya proxy imene imaima pakati pa makompyuta athu ndi intaneti, pa kompyuta yakale kuti izisunga masamba amene anthu amatsegula kawirikawiri, poganiza kuti zinthu zifulumira. Palibe chasintha, mwinanso zanyanya, makamaka masana. Chinanso, ndikamakopera fayilo kuchoka pa seva sindinaonepo liwiro loposa 112 MB/s pomwe pa bokosi analemba 1000, ndipo kompyuta imodzi imangothera pa 11. Za malaputopu a Wi-Fi ndiye osanena. Kodi ndigule seva yamphamvu, kapena switch imeneyi anandinamiza?

Yankho: Ndalamazo zisungeni kaye. Pa zonse zimene mwatchulazi, switch ndi imene sindikuikayikira, ndipo 112 imene ikukukhumudwitsaniyo ndi umboni woti ikugwira ntchito yake bwino lomwe.

1000 ya pa bokosi ndi mamegabiti pa sekondi. Windows ikamakopera fayilo imakuwerengerani mamegabayiti, ndipo bayiti imodzi ndi mabiti 8. Mukagawa 1000 ndi 8 mupeza 125. Denga lanu ndi limenelo, ndipo ngakhale 125 yo simungaipeze yonse. Ethernet imanyamula zinthu m'mapaketi, ndipo paketi yodzaza nthawi zambiri imakhala ya mabayiti 1500. Mwa amenewa, 20 amadyedwa ndi mutu wa IP wolembapo maadiresi, ena 20 ndi mutu wa TCP woonetsetsa kuti zonse zafika mwa dongosolo, ndipo makompyuta ambiri amaonjezerapo 12 olembapo nthawi. Otsalira fayilo yanu ndi 1448. Kunja kwa paketiyo Ethernet imaikanso mabayiti ake 38: maadiresi, nambala yofufuzira zolakwika, chizindikiro choyambira, ndi kampata kosiyanitsa paketi ndi inzake. Ndiye pa waya pamadutsa mabayiti 1538 kuti 1448 afike. Zimenezi ndi 94 peresenti, kutanthauza 941 Mbps, kapena pafupifupi 117 MB/s. Mukachotsapo za SMB, njira imene Windows imagawirana mafayilo, mutsika pang'ono n'kufika pomwe inu mulipo. Waya wanu ndi wodzaza mpaka m'khosi.

Wina adzakuuzani za jumbo frames, mapaketi a mabayiti 9000. N'zoona kuti amakweza 94 ija kufika pafupifupi 99 peresenti. Koma chipangizo chilichonse pa netiweki chiyenera kuvomereza kukula kumeneku, ndipo chimodzi chikakana mumayamba kuona mavuto osamvetsetseka: ping, kapaketi koyesera ngati kompyuta ina ikuyankha, ikuyenda bwinobwino koma fayilo ikuima pakati. Pa ofesi ya anthu 40 sindingadzivutitse nazo. Mukadzafunadi kuposa apa pakati pa seva ndi makompyuta ena, njira yoongoka ndi 2.5 gigabit, imene inavomerezedwa mu 2016 ndipo imayenda pa makebulo a Cat5e omwewo.

Kompyuta ya 11 ija ndi nkhani ina, ndipo yankho lake lili m'nambala momwemo. Tengani 94 peresenti ya 100 Mbps, mugawe ndi 8: mupeza 11.7. Kompyutayo yalumikizana ndi switch pa 100, osati pa 1000. Gigabit ya pa waya wa kopa imafuna timawaya tonse 8 ta m'kati mwa kebulo, pomwe 100 Mbps imangofuna 4. Kawaya kamodzi kakaduka, kapena ngati sikanalowe bwino m'pulagi, zipangizo zambiri zimangotsikira pa 100 mwakachetechete, osadandaula, ndipo intaneti imayendabe moti palibe amazindikira. Pa Linux lembani ethtool ndi dzina la khadi, muone mzere wa Speed. Pa Windows onani pa Status ya khadi la netiweki. Sinthani kebulo yaifupi kaye, kenako yesani doko lina pa switch. Onaninso ngati kebuloyo sikudutsira pa foni ya pa desiki kapena ka switch kakale kobisala pansi pa tebulo, chifukwa zambiri mwa zimenezi madoko ake ndi a 100. Ndipo kebulo isapitirire mamita 100.

Za Wi-Fi, apa ndiye pamakwanira mwambi uja wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Laputopu ikakuonetsani 866 Mbps, imeneyo ndi nambala ya mmene wailesi yake ikulankhulira pa kanthawi kamene yapatsidwa mpata. Pa waya, kompyuta iliyonse ili ndi njira yakeyake yopita ku switch, ndipo imatha kutumiza ndi kulandira nthawi imodzi. Pa Wi-Fi onse amene ali pa tchanelo chimodzi amagawana mpweya umodzi: mmodzi akamalankhula enawo amadikira, aliyense amayamba wamvetsera asanatumize, ndipo zimene zatumizidwa ziyenera kuvomerezedwa kuti zafika. Mukapeza theka la nambala ija, kapena kuposerapo pang'ono, muli nokha pafupi ndi access point, kachipangizo kofalitsa Wi-Fi, ndiye kuti zili bwino. Choipa kwambiri ndi foni imene ili kutali kuseri kwa makoma. Iyo imalankhula pang'onopang'ono, ndiye imatenga nthawi yaitali kuti itumize kanthu kakang'ono, ndipo nthawi yonseyo enawo ali duu. Pa 2.4 GHz matchanelo osapondana alipo atatu okha, 1, 6 ndi 11, ndipo mumagawana ndi oyandikana nawo. Kompyuta iliyonse yosasuntha ilumikizeni pa waya, malaputopu muwakankhire ku 5 GHz.

Zonsezi ndi za m'nyumba. Kuchedwa kwa masamba masana sikuchokera kumeneko.

Netiweki yanu ya m'kati ndi yotakata kakhumi kuposa khomo lotulukira. 100 Mbps kwa anthu 40 ndi 2.5 aliyense akati atsegule onse pamodzi. Sizichitika kawirikawiri, n'chifukwa chake 100 imakwanira maofesi ambiri a msinkhu umenewu. Koma pali zinthu ziwiri zimene nambala ya Mbps sinena.

Choyamba ndi mtunda. Kuwala m'faiba kumayenda pafupifupi makilomita 200,000 pa sekondi. Ngati seva ili pa makilomita 10,000, kupita ndi kubwera ndi mamilisekondi 100, ndipo njira zenizeni zimakhota kuposa pamenepo. Palibe ndalama imene ingachepetse zimenezi. Msakatuli, monga Chrome, akafuna tsamba la HTTPS, loyenda mobisika, kwa seva yatsopano, ulendo umodzi umathera kutsegula TCP, wina kugwirizana za makiyi obisira a TLS 1.3, wachitatu ndiye kupempha tsambalo. Ngati ulendo uliwonse ndi mamilisekondi 200, papita kale theka la sekondi ndi kanthu bayiti yoyamba isanafike, osawerengera DNS, ntchito yosandutsa dzina la webusayiti kukhala adiresi. Kenako TCP siyamba ndi liwiro lonse. Imayamba ndi mapaketi pafupifupi 10, makilobayiti 14, n'kumaonjezera pa ulendo uliwonse. Mafayilo ambiri a pa tsamba ndi aang'ono moti amatha liwiro lisanakwere n'komwe. Tsamba lamakono limatenga zinthu ku maseva ambirimbiri, ndiye mwambo umenewu umabwerezedwa kangapo. Ichi n'chifukwa chake munthu amakweza laini kuchoka pa 100 kufika pa 200 n'kupeza masamba akutseguka chimodzimodzi.

Chachiwiri, chimene ndikuchikayikira kwambiri kwa inu chifukwa mwati masana, ndi mzere wa mapaketi mu rauta. Jim Gettys anatchukitsa dzina lake cha m'ma 2010: bufferbloat. Rauta kapena modemu ikalandira mapaketi ambiri kuposa amene laini ingatulutse, imawasunga pa mzere. Tiyerekeze kuti laini yanu imatumiza kunja pa 10 Mbps, popeza malaini ambiri amatumiza pang'ono kusiyana ndi kulandira, ndipo mzerewo umakwana megabayiti imodzi. Ukadzaza, paketi iliyonse yatsopano imadikira masekondi 0.8. Munthu mmodzi yekha amene akukweza mavidiyo, kapena foni imene ikutumiza zithunzi ku cloud, ndi wokwanira kuudzaza. Pamenepo kafunso kakang'ono ka DNS ka munthu wina kamaima kumbuyo kwa katundu yenseyo, ndipo maulendo atatu aja aliwonse amatenga pafupifupi sekondi. Speed test idzakuuzani kuti laini ili bwino, pomwe ofesi yonse ikulira. Kuyeza kwake n'kosavuta. Siyani ping ikuyenda kupita ku seva ya kunja, kenako kwezani fayilo yaikulu. Nthawi ya ping ikadumpha kuchoka pa mamilisekondi makumi angapo kufika m'mazana, mwamupeza wakubayo. Mankhwala ake ndi rauta yodziwa kuyendetsa mzere mwanzeru, ndi fq_codel kapena CAKE. Pa OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa marauta, amazitcha SQM. Mumaiuza liwiro lotsikirapo pang'ono, monga 90 peresenti ya limene mwayeza, kuti mzere uzikhala m'manja mwa rauta yanu osati mu modemu. Mumataya pang'ono pa liwiro, koma kudikira kuja kumachepa kwambiri.

Tsopano Squid. Maganizo anu sanali olakwika, kungoti anachedwa ndi zaka khumi ndi kuposerapo. Squid inatuluka mu 1996, kuchokera ku ntchito ya Harvest, pa nthawi imene pafupifupi tsamba lililonse linkayenda poyera pa HTTP. Munthu woyamba akatsegula tsamba, proxy inkaona chithunzi chilichonse, n'kusunga, ndipo wachiwiri ankachilandira kuchokera m'nyumba momwemo. Pa malaini opyapyala a nthawi imeneyo zinkathandiza ndithu. Kenako Let's Encrypt inayamba kupereka masatifiketi aulere kumapeto kwa 2015, ndipo mu 2018 Chrome inayamba kulemba kuti Not secure pa tsamba lililonse la HTTP. Lero masamba ochuluka zedi amene anthu anu amatsegula ndi a HTTPS. Msakatuli akafuna tsamba lotere amangouza proxy kuti CONNECT ku seva yakuti pa doko 443, ndipo Squid imatsegula mpita n'kumangopatsira mabayiti obisika uku ndi uku. Imadziwa dzina la webusayiti ndi kuchuluka kwa mabayiti, basi. Singasunge chimene sikuchiona.

Musangokhulupirira ine. Tsegulani access.log, fayilo imene Squid imalembamo zonse zodutsa, ya tsiku limodzi la ntchito. Mizere ya TCP_HIT ndi TCP_MEM_HIT ndi zimene zinachokera mu cache, nkhokwe ya zimene Squid inasunga. TCP_MISS ndi zimene inakatenga kunja. TCP_TUNNEL ndi mipita ija, ndipo pa Squid yakale imaoneka ngati TCP_MISS yotsatana ndi CONNECT. Musawerenge mizere yokha, phatikizani mabayiti a gulu lililonse, chifukwa laini imadzaza ndi mabayiti. Ndikhoza kubetcha kuti mudzapeza mipita ikutenga pafupifupi zonse.

Squid ili ndi njira yotsegulira HTTPS yotchedwa SSL bump. Imadzipangira satifiketi ya webusayiti iliyonse, ndipo inu mumaika satifiketi yanu yaikulu pa kompyuta iliyonse kuti asakatuli asadandaule. Koma walira mvula walira matope. Kompyuta yakaleyo iyamba kumasula ndi kubisanso chilichonse chodutsa. Mapulogalamu ena, makamaka a pa foni, amakana satifiketi ina iliyonse kupatula imene akuidziwa, ndiye amangosiya kugwira ntchito. Mawu achinsinsi a ku banki ndi maimelo a anthu 40 adzakhala akudutsa osabisika pa makina anu, ndipo aliyense wakuba kiyi ya satifiketi yanuyo akhoza kunamiza makompyuta onse a mu ofesi. Mutasenza zonsezo, phindu lake ndi lochepa, chifukwa masamba ambiri amapangidwira munthu mmodzimmodzi ndipo amalembedwa kuti private kapena no-store, mavidiyo amabwera m'tizidutswa ta maadiresi osinthasintha, ndipo zimene zikanasungika msakatuli wa munthuyo wazisunga kale yekha. Pa chifukwa cha liwiro chokha, ine sindingachite.

Izi zikufotokoza chifukwa chake sizinafulumire. Kuti zinanyanya, ndiye tione kompyuta yakaleyo. Kupatsira 100 Mbps ya mipita si ntchito yolemetsa purosesa, ndiye kawirikawiri vuto limakhala malo ena.

Yambani ndi khadi lake la netiweki, poti mwina nalonso lili pa 100 ngati lija. Anthu ena amaopa kuti proxy ya khadi limodzi imadula liwiro pakati chifukwa zinthu zimalowa n'kutulukanso pa waya womwewo. Pa waya wa full duplex sizili choncho: zochokera ku rauta zimalowa mbali imodzi, zopita kwa anthu zimatuluka mbali inayo, ndipo mbali iliyonse ili ndi liwiro lake lonse. Koma proxy ikakhala pa Wi-Fi, pamenepo imaduladi pakati. Khadi la gigabit lolumikiza pa USB 2.0 nalo silifika gigabit. Raspberry Pi 3 B+ ndi chitsanzo chodziwika: doko lake ndi la gigabit koma limathera cha pa 300 Mbps chifukwa limadutsira pa USB.

Kenako disiki. Ngati mu squid.conf, fayilo ya malamulo a Squid, munalemba cache_dir ufs kuti cache izikhala pa disiki yozungulira, mwaika choponderezera pakhosi pa Squid. Ndi ufs, pulogalamu yonse imaima kudikira disiki nthawi iliyonse imene ikuwerenga kapena kulemba. Disiki ya 7200 rpm imatha kuwerenga fayilo imodzi yaikulu mofulumira, koma timafayilo tating'ono tomwazikana imangokwanitsa pafupifupi 100 pa sekondi, chifukwa mutu wake uyenera kusuntha n'kudikira mbale izungulire. Pa nthawi imeneyo ngakhale mipita ya HTTPS, imene ilibe nayo ntchito disiki, imadikira nawo. Cache yaikulu imadyanso RAM chifukwa Squid imasunga mndandanda wa chilichonse m'memore, ndipo kompyuta ikayamba kugwiritsa ntchito swap, kubwereka disiki m'malo mwa RAM, zonse zimakwawa. Njira ya aufs kapena rock pa SSD ndi yabwinoko. Koma poona mmene cache ikuthandizira pang'ono, ndingochotsa mzere wa cache_dir wonsewo n'kusiya cache_mem yokha.

Chinanso ndi file descriptors, manambala amene makina amapatsa pulogalamu pa fayilo kapena kulumikizana kulikonse kotsegula. Mpita uliwonse umatenga awiri, mmodzi wa kwa munthu wanu, wina wa ku seva yakunja. Makina ambiri a Linux amayamba ndi malire a 1024 pa pulogalamu imodzi. Ndiye kuti mipita pafupifupi 500, kugawa kwa anthu 40, ndi 12 aliyense. Msakatuli mmodzi wa matabu angapo amapitirira pamenepo mosavuta, ndipo nthawi imene onse ali pa ntchito ndi masana omwe mukunenawo. Malire akakwana, Squid imaleka kulandira atsopano mpaka ena atseke, ndipo kwa munthu zimaoneka ngati tsamba langoima kenako n'kutseguka mwadzidzidzi. Fufuzani mu cache.log mawu akuti running out of filedescriptors. Mukawapeza, kwezani max_filedescriptors pamodzi ndi malire a makinawo. Ndinakumanapo ndi ofesi ina imene anali atakonzeka kugula seva yatsopano, vuto lonse lili mzere umodzi umenewu.

DNS musaiiwale. Msakatuli akauzidwa kugwiritsa ntchito proxy, amasiya kufunsa yekha maadiresi, Squid ndi imene imafunsira aliyense. Ngati kompyuta ya Squid ikuloza ku seva ya DNS yakutali, kapena yoyamba pa mndandanda inafa kale, ofesi yonse imalipira kuchedwako. Ka DNS kosunga mayankho monga Unbound kapena dnsmasq pa makina omwewo kamachotsa vuto limeneli, ndipo ndi cache imene ikadathandizabe masiku ano.

Palinso zimene asakatuli amataya akamadutsa pa proxy. HTTP/3, imene inavomerezedwa mu 2022, imayenda pa QUIC, pa UDP, ndipo imaphatikiza kutsegula njira ndi kugwirizana makiyi mu ulendo umodzi. Mpita wa CONNECT wa Squid ndi wa TCP, ndiye msakatuli amabwerera ku njira yakale ya maulendo ambiri. Chrome nayo kwa zaka zambiri yakhala ndi malire a malumikizano 32 okha opita kwa proxy imodzi, moti wotsegula matabu ambiri amatha kudzitsekereza yekha. Ndipo onetsetsani kuti maadiresi a m'kati, monga seva ya mafayilo, pulinta ndi mapulogalamu a mu ofesi, alembedwa kuti asadutse pa proxy. Apo ayi mukukakamiza zinthu zimene zikanayenda pa gigabit kuti zizungulire pa kompyuta yakale.

Kuti musamangoganizira, yezani chidutswa chimodzi pa nthawi. Ikani iperf3 pa makompyuta awiri a pa waya, imodzi ndi iperf3 -s, inayo ndi iperf3 -c ndi adiresi ya yoyambayo. Pulogalamu imeneyi sikhudza disiki, ndiye imayeza netiweki yokha. Muyenera kuona cha pa 940. Onjezerani -R kuti muyeze mbali inayo. Bwerezani pakati pa kompyuta ya Squid ndi ina, kenako kuchokera pa laputopu ya Wi-Fi pamalo pomwe mwini wake amakhala, osati pansi pa access point. Mukatero tengani fayilo imodzi ya pa intaneti ndi pulogalamu yotsitsira ya curl kawiri, koyamba molunjika, kachiwiri ndi -x kudzera pa doko 3128 la Squid, ndipo muuze curl ikuonetseni time_starttransfer (nthawi yodikira bayiti yoyamba) ndi speed_download (liwiro lotsitsira). Chitani m'mawa anthu asanafike, mubwerezenso masana. Ngati masana zonse ziwiri zikuchedwa mofanana, Squid ilibe mlandu, pitani ku rauta. Ngati ya pa proxy yokha ndi imene ikuchedwa, bwererani ku cache.log.

Squid ili ndi ntchito zimene imachitabe bwino: kulemba amene wapita kuti, kutseka mawebusayiti potengera dzina, ndi kuchepetsa liwiro la anthu odya kwambiri ndi delay pools. Ngati mabwana anu amafuna zimenezi, isungeni. Koma katundu wolemera amene makompyuta 40 amatsitsa mofanana ndi ma update, ndipo Squid ikangoikidwa osasintha kanthu sisunga chinthu choposa 4 MB, ndiye amenewo amaidutsa. Pali zida zopangidwira ntchito imeneyi. Windows ili ndi Delivery Optimization, imene imalola makompyuta a pa netiweki imodzi kugawana zimene wina watsitsa kale. Ya Debian ndi Ubuntu ndi apt-cacher-ng. Mac imodzi yoyatsidwa Content Caching imasungira zipangizo zonse za Apple za mu ofesi.

Ndikanakhala ine, sabata ino ndikanasintha kebulo ya kompyuta ya 11 ija, n'kuchotsa anthu asanu pa proxy kwa masiku awiri kuti ndimve ngati akuona kusiyana, ndipo masana ena ndikanayeza ping ija fayilo ikukwera. Ping ikadumpha, chogula choyamba ndi rauta yokhala ndi SQM yotha kunyamula 100 Mbps.